Lipoti la CT scan likuti anabere a m'chifuwa atupa, kodi ndi khansa basi?

Nabanda41:

Moni nonse. Chonde amene mumadziwa zachipatala ndithandizeni kumvetsa chifukwa mutu wanga sukugwira. Amuna anga ali ndi zaka 41, fodya sanasutepo, akhala akutsokomola chifuwa chouma kwa kanthawi ndithu komanso akumatopa msanga, nde anawajambula X-ray ya pachifuwa adokotala nkunena kuti pakuoneka potupa pakati apa pomwe mapapo amayambira, mbali zonse ziwiri. Makhololo anapima ndi GeneXpert TB sanaipeze, HIV alibe. Kenako anatitumiza ku CT scan, ija amayamba abaya kaye mankhwala pamkono. Lipoti latuluka ndipo alemba kuti bilateral hilar and mediastinal lymphadenopathy, kenako pali manambala, station 4R 14 mm, station 7 18 mm, kumapeto nkulemba kuti ikhoza kukhala sarcoidosis, TB kapena lymphoma ndipo pakufunika biopsy, kutenga kanyama kokapima ku labu. Mapapo enieniwo akuti ali bwino mulibe chotupa.

Ine nditafufuza pa intaneti nkuona kuti lymphoma ndi khansa tulo sindikupeza. Makina amphamvu chonchi bwanji akulephera kungonena kuti matenda ake ndi awa? Ma station amenewa ndi chani? 18 mm ndi yaikulu moopsa kapena? Wina watiuzanso kuti tikapange PET scan akuti imeneyo ndiyo imanena chilungamo, ndi zoona? Eni akewo biopsy akuikana, akuti zoboolana pachifuwa pafupi ndi mtima iwo ayi.

WojambulaCT:

Mayi pepani kwambiri, mantha anuwo ndikuwamvetsa. Ine ntchito yanga ndi yojambula anthu pa X-ray ndi CT, si ine dokotala wowerenga zithunzi koma malipoti ngati amenewa amadutsa m'manja mwanga tsiku ndi tsiku nde ndiyesa kufotokoza zomwe ndikudziwa.

Anabere aliyense ali nawo, kukhala nawo si matenda ayi. Aja amatupa m'khwapa kapena mphechepeche ukakhala ndi bala, omwewo aliponso ambiri m'chifuwa, andanda m'mbali mwa paipi yaikulu ya mpweya, pa mphanda pomwe paipiyo yagawikana kupita ku mapapo awiri, komanso pakhomo pa mapapo pomwe mitsempha ya magazi ndi njira za mpweya zimalowera. Pakhomo pamenepo ndi pomwe alemba kuti hilar, mediastinal ndi malo a pakati pa mapapo awiriwo pomwe pali mtima ndi mmero. Ntchito yawo ndi kusefa madzi ochokera m'mapapo ndiye chachilendo chilichonse chikadutsa, kaya tizilombo, kaya fumbi, kaya maselo a khansa, iwo amatupa. Vuto lagona pamenepo, zifukwa zotupira ndi zambirimbiri koma katupidwe kake kamafanana.

X-ray ili ngati mthunzi wa munthu pakhoma, nthiti, mtima, mitsempha, msana zonse zasanjikizana malo amodzi, nde imangokuuza kuti apa pakuoneka ponenepa kuposa mmene pamayenera kukhalira. Nthawi zina zomwe ukuyesa anabere zimakhala mitsempha yopita m'mapapo yomwe yakula, kapena munthu anaima mopendekeka pojambulidwa. Nchifukwa chake anakutumizani ku CT, iyo imaonetsa chifuwa m'magawomagawo opyapyala, ndipo mankhwala aja anabaya pamkono ndi a ayodini, amapangitsa mitsempha ya magazi kuoneka yoyera mbee mwanabere nkutsala wotuwirapo, apo ndiye sungasokonezenso.

Za manambalazo. Mwanabere amakhala wotalikirapo mbali imodzi ndiye amayeza mbali yaifupiyo, ndipo lamulo lomwe ambiri amatsatira ndi loti akapitirira 10 mm ndiye kuti watupa. Wa pa station 7 mwachibadwa amakhala wokulirapo pang'ono kuposa anzake, komabe 18 mm ndi kutupa ndithu sindikunamizani. Koma kukula pakokha sikunena kuti ndi khansa. Alipo a 8 mm omwe amapezeka ndi khansa mkati, aliponso a 30 mm omwe ndi TB kapena sarcoidosis basi, sarcoidosis amenewa ndi matenda otupitsa anabere ndi ziwalo zina koma si khansa.

Ma station ndi ma adiresi chabe. Bungwe la madokotala a khansa ya m'mapapo la IASLC linatulutsa mapu mu 2009 ogawa anabere amenewa m'malo 14 kuti wina akatchula nambala mnzake adziwe pomwe akunena. 4R ndi m'mbali mwa paipi ya mpweya chakumunsi mbali ya kumanja, 7 ndi pansi penipeni pa mphanda paja, 10 ndi pakhomo pa mapapo. Chonde chonde musasokoneze ndi stage ya khansa, nambala ija yonena kuti khansa yafika pati, ndaonapo anthu akulira pa benchi lipoti lili m'manja ataona 4 poganiza kuti ndi stage 4, pomwe sizikukhudzana nkomwe.

Wowerenga chithunzi amayang'ana zambiri kuposa kukula. Atupa mbali imodzi kapena zonse, kumanja ndi kumanzere akufanana, mkati mwake muli bwanji. A TB kawirikawiri amakhala mbali imodzi makamaka kumanja, pakati pake pamaoneka pakuda chifukwa pafa ndipo pakusungunuka, m'mphepete mokha ndi momwe mumawala ndi mankhwala aja. A sarcoidosis amakonda mbali zonse ziwiri mofanana kuphatikizapo a kumanja kwa paipi ya mpweya, ndipo olo akule sakonda kufinya zinthu zoyandikana nawo. Lymphoma imakonda kutsogolo kuseri kwa fupa la pachifuwa, anabere ake amatha kuphatikana kukhala chimulu chimodzi ndipo mbali ziwirizo sizifanana kawirikawiri. Pa zomwe mwalembazi, mbali zonse ziwiri, mapapo abwinobwino, munthu wosasuta wa msinkhu umenewo, sarcoidosis ikumveka kwambiri mwina nchifukwa chake aiyika koyamba. Koma taonani ndikungoti kawirikawiri, amakonda, nthawi zambiri. Matenda atatuwa amatengerana maonekedwe, nde amene walemba lipotilo sikuti walephera ntchito, wanena chilungamo potchula onse atatu. Chithunzi chimaonetsa malo, kukula ndi maonekedwe, dzina la matenda limachokera ku labu.

Che_Mbewe:

Achemwali nane ndinene maganizo anga. Mng'ono wanga zinamuchitikira zofananako, makhololo kupima osapeza kanthu koma munthu akungoonda, usiku thukuta mpaka zofunda kunyowa, mapeto ake inali TB ya m'anabere. Anatiuza kuti TB ikakhala m'anabere osati m'mapapo mwenimwenimo makhololo amatuluka opanda kanthu chifukwa tizilomboto sitikufika munjira ya mpweya. Anamwa mankhwala miyezi 6 pano ali bwinobwino akugwira ntchito yake. Nde bwanji osangopempha kuti ayambe mankhwala a TB muone ngati asinthe mmalo moboolana pachifuwa? TB ndi yofala kuposa zinazo, sarcoidosis imeneyo ine ndikuimva koyamba lero.

SisitaWaKuWodi:

Achimwene mbali imodzi mwanena zoona, GeneXpert ya makhololo ikati palibe sizitanthauza kuti TB ya m'anabere palibe, pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Ndipo zilipo nthawi zomwe madokotala amayambitsa mankhwala a TB popanda umboni wa ku labu, monga kwa mwana wamng'ono amene akukhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, kapena munthu amene ali ndi HIV wadwalika kwambiri sangadikire, kapena komwe biopsy singatheke nkomwe. Koma bambo awa akuyenda okha ndipo biopsy awauza kuti ichitike, nde zongoyesa mankhwala ine sindingalimbikitse olo pang'ono.

Taganizani bwino. Ikakhala lymphoma, miyezi yomwe mukudikira kuti muone ngati mapiritsi a TB agwire ndi miyezi yomwe khansa ikukula, chonsecho lymphoma makamaka ya Hodgkin ndi imodzi mwa makhansa omwe amachizika bwino kwambiri. Ikakhala sarcoidosis ndiye kuti munthu wamwa mankhwala miyezi 6 omwe amatha kuononga chiwindi popanda chifukwa, ndipo poti sarcoidosis ya m'anabere okha nthawi zambiri imaphwa yokha, aliyense adzangoti inali TB yachira, matenda enieniwo osadziwika, maso ndi mtima zomwe zimafunika kupimidwa pa matenda amenewa osapimidwa. Mbali inayo ndi yoopsanso kuposa, wina akangoganizira kuti ndi sarcoidosis nkupereka prednisolone pomwe ili TB, mankhwala amenewo amatsitsa chitetezo cha m'thupi TB nkufalikira. Prednisolone yemweyo amaphwetsa lymphoma kwa kanthawi nkusokoneza zotsatira za biopsy yomwe ingatengedwe pambuyo pake. Nde mayi chonde abambo asamwe ma steroid aliwonse, mankhwala a gulu la prednisolone, biopsy isanachitike pokhapokha adokotala awo atanena okha.

Za PET scan ija. Amabaya shuga wapadera wotchedwa FDG amene ali ndi radiation pang'ono, munthu amakhala osadya maola 4 mpaka 6, akabaya amadikira pafupifupi ola limodzi nkujambula, ndiye paliponse pomwe maselo akudya shuga kwambiri pamawala. Khansa imawala eya, koma TB imawalanso, sarcoidosis ndiye imawala koopsa. Mudzatuluka ndi chithunzi cha anabere owala funso lili lomwe lija. PET imathandiza khansa ikadziwika kale, kuona kuti yafika pati komanso ngati mankhwala akugwira, nthawi zina kusankha mwanabere woti atengepo kanyama, koma singalowe m'malo mwa maikulosikopu. MRI, makina ena ojambulira mkati mwa thupi, nayo pa nkhani iyi siposa CT yomwe mwapanga kale.

Abambowo muwauze kuti biopsy sikutanthauza kung'amba chifuwa. Choyamba adokotala awapapase bwinobwino m'khosi, m'timaenje ta pamwamba pa mafupa opingasa m'munsi mwa khosi apa, ndi m'khwapa, chifukwa pakapezeka mwanabere wogwirika ndi zala amatenga ameneyo nkhani nkuphweka. Ngati palibe ndiye pali EBUS, kapaipi kopyapyala kokhala ndi kamera ndi ultrasound kunsonga, kamalowa pakamwa kutsikira mu paipi ya mpweya, dokotala amamuona mwanabere kuseri kwa khoma la paipiyo pamodzi ndi mitsempha ya magazi yoti aipewe, nkulowetsa kasingano akuona pa sikirini. 4R ndi 7 ndi ena mwa malo omwe EBUS imafika mosavuta kwambiri, pamenepo muli ndi mwayi. Komwe kulibe EBUS, kapena kanyamako kakachepa poti lymphoma imafuna kokulirapo kuti adziwe mtundu wake, amapanga mediastinoscopy, kucheka pang'ono m'munsi mwa khosi munthu atamugonetsa, ndi opaleshoni yomwe yakhala ikuchitika kuyambira 1959.

Chimodzi chomwe ndimakumbutsa aliyense, mufunse ngati zomwe atengezo zipite kuwiri, kwa oyang'ana maselo komanso kokapima TB ndi GeneXpert ndi culture, kumeretsa tizilombo mu labu kuti aone ngati tilipo. Zikaikidwa zonse mu botolo la formalin, mankhwala osungira kanyama kuti kasaole, tizilombo timafa culture singathekenso, ndipo zimapweteka mtima munthu kubwereza biopsy chifukwa cha zimenezo. Pa maikulosikopu TB ndi sarcoidosis zonse zimaonetsa timagulu ta maselo totchedwa granuloma, kusiyana kwake nkwakuti ta TB kawirikawiri timakhala takufa pakati pomwe ta sarcoidosis ayi, koma kusiyana kumeneko sikuti kumakhala koonekeratu nthawi zonse nde mayeso a TB aja ndi ofunika zedi.

Pomwe mukudikira, mukaona nkhope kapena khosi likutupa makamaka podzuka m'mawa, mitsempha ya m'khosi ndi pachifuwa yatuluka, akubanika akagona chagada, kapena akutsokomola magazi, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani tsiku lomwelo.

MamaChifundo:

Mayi mnzanga ine njira imeneyi ndinadutsamo. Kwa ine zinayamba ndi akakolo kutupa ndi timabulu tofiira towawa kutsogolo kwa miyendo, kutentha thupi pang'ono, X-ray nkuonetsa anabere mbali zonse ziwiri ngati mmene mukunenera. Lipoti langa nalonso linali ndi mawu oti lymphoma ndipo ndikudziwa mmene mawu amenewo amamezera ena onse, umawerenga pepala lonse koma maso amangobwerera pamzere umenewo.

EBUS ndinkaiopa kwambiri koma ndikuuzeni mmene zinakhalira. Anandiuza kuti ndisadye kuyambira usiku, nditafika anandipopera mankhwala owawa kukhosi mpaka khosi lonse kuchita dzanzi moti umamva ngati malovu sakumezeka koma ukupuma bwinobwino, nkundiika kapulasitiki pakati pa mano kuti ndisalume chipangizo, kenako mankhwala pamkono, zotsatirazo ndimakumbukira pang'ono chabe kutsokomola ndi mawu a nesi akuti mukuchita bwino. Nditadzuka pakhosi pankakanda, mawu anasasa, m'makhololo munali timizere ta magazi zomwe anali atandiuziratu kuti ndisadabwe nazo, madzi anandiletsa mpaka dzanzi lija litatha kuopa kutsamwa, ndipo ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo, kungoti pamafunika wokuperekeza chifukwa mankhwala aja amakusiya wolezukalezuka. Pachifuwa panga palibe chipsera chilichonse.

Zotsatira zinati granuloma, TB sanaipeze, ndiye anati ndi sarcoidosis mtundu womwe umatchedwa Löfgren. Ma steroid sanandipatse nkomwe, anangondipatsa opha ululu wa akakolo, nkundipima maso, kashiamu m'magazi, ECG ya mtima ndi kupuma kuja umauzira mu kachubu mwamphamvu. Anabere anaphwa okha pang'onopang'ono. Sindikunena kuti abambo ndi chimodzimodzi ayi, aliyense ndi zake, koma biopsy yomwe akuiopayo kwa ine sinali yovuta, chovuta chinali kudikira, makamaka culture ya TB poti imatha kutenga mpaka masabata 6 kapena 8 kuti anene motsimikiza kuti palibe chamera. Muwagwire mtima nthawi imeneyo, amuna ambiri sanena koma mkati amakhala akuvutika.

Nabanda41:

Zikomo kwambiri nonse, ambuye akudalitseni. Ndawapatsa foni awerenga okha zonse ndipo avomera kuti tikafunse za EBUS, zoti imalowera pakamwa ndi zomwe zawakhazika mtima pansi. A Mbewe zikomonso, thukuta la usiku iwo alibe ndipo sikelo sinatsike koma ndikauza adokotala kuti TB asaichotse m'maganizo. Ine za 4R zija ndinali nditaganizadi kuti ndi stage.

Powerenga za fumbi akumbukira kuti ali mnyamata anagwirapo ntchito yophwanya miyala zaka zingapo opanda chotseka pamphuno, kodi zimenezo zikukhudzana? Adokotala sitinawauze poti sanafunse. Komanso anajambulidwapo X-ray kalekale polowa ntchito yomwe ali panoyi, ingathandize kapena yatha ntchito? China ndi radiation, apanga X-ray, apanga CT, akuti mwina adzabwerezanso CT pakapita miyezi, kodi zimenezi sizingawabweretsere khansa yomwe tikuiopayo?

WojambulaCT:

Za miyalazo mukawauze adokotala ndithu musaiwale. Fumbi la miyala limayambitsa silicosis ndipo imatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchitoyo, imatupitsa anabere omwewa mbali zonse ziwiri. Pa CT kawirikawiri imabwera ndi timadontho ting'onoting'ono chakumtunda kwa mapapo, ndipo anabere ake nthawi zina amakhala ndi kamzere koyera kopyapyala ka kashiamu kozungulira m'mphepete mokha. Poti lipoti lanu lati mapapo ali bwino mwina si imeneyo, koma wowerenga chithunzi akauzidwa mbiri imeneyi amabwerera nkuyang'ananso ndi diso lina, ndipo munthu wa silicosis TB imamugwira mosavuta kuposa ena nde ndi nkhani yofunika mbali zonse.

X-ray yakaleyo ifuneni ndi mtima wonse, chithunzi chenichenicho osati lipoti lokha. Ife tikaika zithunzi ziwiri pambali ndi pambali timadziwa zambiri, ngati pakhomo pa mapapo panali potupa chimodzimodzi zaka zonsezo osasintha ndiye lymphoma imakhala yokayikitsa kwambiri chifukwa siingangokhala phee nthawi yonseyo, ngati panali bwinobwino ndiye tadziwa kuti ndi zatsopano. CT yatsopanoyi nayonso mupemphe akuikireni pa CD kapena pa flash, dokotala wopanga EBUS amafuna kuona zithunzi zake yekha kuti adziwe poloza singano, pepala la lipoti silimukwanira.

Radiation timaiyeza mu mSv. X-ray ya pachifuwa ndi pafupifupi 0.1 mSv kapena kuchepera apo, CT ya pachifuwa ndi cha m'ma 7 mSv kutengera makina ndi thupi la munthu, pomwe munthu aliyense padziko amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba olo asapite kuchipatala. Nde CT imodzi ikufanana ndi ya zaka pafupifupi zitatu yachilengedweyo. Sindinena kuti ndi ziro, nchifukwa chake sitijambula mwachisawawa makamaka ana ndi amayi oyembekezera, koma kwa bambo wa zaka 41 amene ali ndi anabere a 18 mm osadziwika chifukwa chake, chiopsezo cha CT ndi chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi kukhala osadziwa. EBUS ilibe radiation. Ndipo ikapezeka kuti ndi sarcoidosis nthawi zambiri amalondoloza ndi X-ray wamba ndi kuyeza kapumidwe, osati CT ulendo uliwonse, mutha kufunsa momasuka ngati CT yachiwiriyo ikufunikadi komanso ngati ifunika mankhwala a pamkono aja. Akanena kuti afunika, auzeni ngati ulendo woyamba anatuluka zidzolo, kuyabwa kapena kubanika. Kutentha thupi lonse kwa kamphindi, kukoma kwachitsulo mkamwa ndi kumva ngati wadzikodzera zimenezo ndi zabwinobwino zimachitikira ambiri. Amapimanso impso kaye ngati munthu ali ndi vuto la impso kapena shuga.

SisitaWaKuWodi:

Ndiwonjezere kamodzi ndinaiwala, ngati abambo amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena clopidogrel munene popangana tsiku la biopsy, osati tsiku lenilenilo, chifukwa amafunika kuimitsidwa masiku angapo ndipo ndi adokotala oyenera kunena kuti asiye liti, osasiya okha. Mutenge mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa kuphatikizapo azitsamba mukawaonetse. Zotsatira zikatuluka mudzatiuze mayi, ngati muli mawu ovuta tidzathandizana kuwerenga.